Munthu Amene Magalasi Anabisa

Madzulo a Lachinayi, basi yomaliza italowa m'galaja, a Ndondomeko anapachika jekete pa msomali wake wa nthawi zonse, navala ovolosi. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a ntchito, ndipo linawayenera. Pa zaka makumi awiri ndi zitatu zokonza mabasi, sanabwezepo sipanala m'bokosi isanapukutidwe. Sanasainepo pepala la ntchito imene sanaigwire ndi manja awo.

Tsiku limenelo anachoka kunyumba atatsanzika, koma akazi awo sanayankhe. Anangowaikira chakudya patebulo n'kulowa kuchipinda. Unali mwezi wachiwiri zinthu zili choncho, chichotsedwereni ntchito mchimwene wa mayiwo.

Mlamu wawoyo anali makaniko wa usiku m'galaja momwemo. M'mawa wina, basi imene iye anaikonza inakana kukhota pamphambano, nikagwera m'ngalande. Mwamwayi inali isanayambe liwiro, ndipo anthu anatuluka ndi mabala ang'onoang'ono. Ataifufuza, anapeza kuti manati anayi ogwira chitsulo cha chiwongolero kunsi kwa basi anali omasuka. Pa mlandu wa ku ofesi, mlamuyo analumbira kuti anamanga ndithu, koma kuti usiku m'dzenje lokonzera mabasi mumalowa munthu. Anthu anaseka. A Ndondomeko, monga makaniko wamkulu, anaimirira nanena zimene ankaziona kuti n'zoona: nati sidzimasula yokha usiku umodzi, ndipo wantchito wosasamala asabisale kumbuyo kwa mizukwa. Chibale n'chibale, ntchito ndi ntchito.

Mlamuyo atachotsedwa, ntchito ya usiku a Ndondomeko anaitenga okha. Patapita milungu itatu, dalaivala wina wosamala anasuzumira kunsi kwa basi yake asananyamuke, napeza manati omwewo ali omasuka. Amene anaikonza basiyo anali a Ndondomeko.

Mayi injiniya, amene ankayang'anira galajalo, anawaitanira mu ofesi natseka chitseko.

"Bambo, ndimakulemekezani kwambiri," anatero. "Koma zikachitikanso, njira yake ndi yomwe anadzera alamu anu. Lamuloli munalinena nokha."

"Ndinalinena, mayi, ndipo sindikulibweza."

Mumtima mwawo munalibe chikayiko. Mlamu wawo ankadziwa pamene waya wa mpanda anaboweka, kuseri kwa mulu wa matayala akale. Ankagwirizananso kwambiri ndi mlonda. Munthu wochotsedwa ntchito, wokhala ndi chakukhosi, wodziwa nati yoyenera kumasula: panafunikanso umboni wanji? Chimene chinatsala chinali kumugwira. Chotero usiku ankagwira ntchito diso lili kukhomo, ndipo masana tulo sitinkabwera. Lachinayi limeneli unali usiku wachitatu asanagone tulo tolozeka.

Mlonda anawalonjera pageti la mkati, atafunda chikhothi chake chofika m'mawondo.

"Akulu, maso anuwo afiira ngati munthu wophika ndi nkhuni zaziwisi. Kunyumba akukugonetsani pakhonde?"

"Inu londerani geti. Za kunyumba kwanga zili ndi mwini."

"Geti ndilondera, nanga ndimadyera chiyani? Koma khoswe wa matayala akale uja sindimutha. Ali ndi ndevu kuposa ine."

Anaseka yekha. A Ndondomeko anamuyang'ana nthawi yaitali. N'chifukwa chiyani watchula matayala akale? Munthu akamaseka kwambiri, pali chimene akuphimba.

Analowa, natenga magalasi awo a ntchito pa shelefu pamene ankawatchajira.

Magalasiwa anabwera nawo ndi mayi injiniya chaka chapitacho. Ukawavala, umaona zinthu zonse monga zilili, koma pamwamba pake amalembapo zothandiza. Ukayang'ana injini, amazunguliza mzere wobiriwira pa nati yofunika, n'kuika muvi wosonyeza kopotolera. Ali ndi kanyali kake, kamera yake, ndi tizotseka ta m'makutu tochepetsa phokoso. Koma chimene mayiwo ankanyadira kwambiri chinali china. Magalasiwo amayang'ananso mwini wake. Amawerenga kuphethira kwa maso, kumene masowo akuthawira, ndi kugunda kwa mtima.

"Mutu wa munthu uli ngati ndowa," anawafotokozera tsiku loyamba. "Ikadzaza, madzi owonjezera amangotayika. Awa akaona kuti mwatopa, amachepetsa zothira. Amayamba achotsa zolemba za m'mbali. Kenako, chilichonse chimene chikukuba maso anu pantchito, amachiphimba."

A Ndondomeko, nthawi yonse imene ankagwira masana, ankagona bwino ndipo mutu wawo unkakhala pantchito. Zophimbazo ankangozimva kwa anzawo.

Anayamba ndi basi nambala 9, imene inayenera kunyamuka faifi koloko m'mawa ndi anthu opita kuntchito. Inali pa dzenje loyamba. Anatsika masitepe, nayendera zonse mwadongosolo. Manati anayi a chiwongolero anawamanga limodzi ndi limodzi mpaka sipanala yoyezera italira. Atatero anatenga penti yoyera, nalemba mzere wowongoka pa nati iliyonse kufika pachitsulo, kuti ikangopotoka pang'ono mzerewo uthyoke. Anasaina. Nthawi inali itangopitirira teni koloko.

Kenaka anapita pa dzenje lachiwiri, kunsi kwa basi nambala 14, imene inali ndi vuto la magiya. Malowo anawasankha dala. Munthu ukaima m'dzenjemo, maso ako amalingana ndi simenti ya pansi. Umaona matayala a basi nambala 9, ndi kakhomo ka m'mbali koyang'ana ku mulu wa matayala akale.

Magetsi aakulu anazima okha pakati pa usiku, monga mwa dongosolo la galajalo. Panatsala nyali imodzi pakhomo lalikulu. Kunali zii. Madzi ankadontha pampopi wa kumapeto. Injini zozizira zinkalira tee, tee, apa ndi apo.

Anamasula bawuti imodzi, nayang'ana kukakhomo. Anamasula yachiwiri, nayang'ananso.

Pangodya ya magalasi panatuluka mawu ang'onoang'ono: "Mwatopa. Ndachepetsa zoonetsa." Manambala a m'mbali anazimirira. Wotchi inachokanso.

"Watopa ndi iwe," anang'ung'udza.

Lata linalira kunja, kumbali ya matayala. Kamodzi kokha. A Ndondomeko anaimitsa dzanja. Anayang'anitsitsa kakhomo kaja, osaphethira. Ali chiyang'anire, kakhomoko kanayamba kutuwa. Chogwirira chake chinasungunuka, kenako mafelemu. Panatsala chifunga chosalala ngati khoma losapakidwa penti.

"Chosokoneza chabisidwa."

Anakankhira magalasi pachipumi. Kakhomo kanali pomwepo, kotseka. Anapuma. Anaganiza zowavula n'kuwaika m'thumba. Koma lamulo linali lakuti ntchito yogwiridwa popanda magalasi siwerengedwa. Ndiponso kamera inali m'magalasi momwemo. Mlamu wawo akalowa, anafuna kuti mayi injiniya adzaone nkhope yake ndi maso awo, pasakhale zokanirana. Anawabwezera pamphuno.

Anayesa kugwira ntchito. Maso anakana. Anathawira ku matayala a basi nambala 9, ndipo posakhalitsa matayalawo anatuwa. Anathawira ku nyali ya pakhomo lalikulu, ndipo nayonso inamira. Chilichonse chimene ankachilondera ndicho chimene magalasi ankachichotsa. Kudontha kwa mpopi kuja kunaleka. Sanadziwe ngati madzi asiya kapena makutu awo atsekedwa.

Pamenepo anaona chifunga china, pamene sanayang'anepo n'komwe.

Chinali pamwamba pa masitepe a dzenje lawo. Sichinali chamakona ngati cha kakhomo chija. Chinali chachitali ngati munthu, chopapatiza kumutu, chotambasuka m'mapewa.

"Chosokoneza chabisidwa."

Chinatsika sitepe imodzi.

A Ndondomeko anagwira sipanala yaikulu. Mantha anali asanafike. Chimene chinayamba kubwera unali mkwiyo, ndi kachimwemwe koipa ka munthu amene maganizo ake atsimikizika.

"Alamu," anatero. "Ndakuonani. Zimene mukuchitazi n'zamanyazi. Muli ndi ana."

Mawu awo anamveka ngati ochokera pansi pa bulangete. Chifungacho chinatsika sitepe yachiwiri.

Anakwezanso magalasi, nawalitsa tochi ya m'thumba. Masitepe asanu a simenti, othimbirira ndi mafuta. Kansanza kofiira pa sitepe yapakati. Munthu panalibe. Anawalitsa kumbuyo kwawo, kumapeto kwa dzenje. Anawalitsa pakati pa matayala. Anaitana mlonda kawiri. Sanayankhidwe, ndipo anati mumtima, ndinadziwa, agwirizana.

Anaima choncho kanthawi. Munthu wanzeru akanatuluka m'dzenjemo n'kukakhala pageti mpaka kuche. Koma a Ndondomeko sanasiyepo ntchito pakati. Ndipo anaganiza kuti mwina mlamuyo wabisala penapake pamene kamera ikumuona koma tochi sikufikapo. Anatsitsa magalasi.

Chifungacho sichinalinso pamasitepe.

Chinali pambali pawo. Phewa lake linayandikana ndi phewa lawo. Msinkhu unali umodzi. Mutu wake unapendekera m'mwamba, kuyang'ana kunsi kwa basi, monga amaimira makaniko.

Anaponya chigongono. Chinangodutsa m'mphepo, nichimenya khoma la dzenje. Ululu anaumva, koma kulira kwa fupa pasimenti sanakumve. Mtima unagunda m'khosi.

"Mtima wathamanga. Yang'anani ntchito yokha."

Ndipo zonse zinachoka. Basi, khoma, masitepe, ngakhale mapazi awo. Dziko lonse linasanduka chifunga chimodzi, moti sakanathanso kusiyanitsa chifunga cha munthu ndi chifunga cha khoma. Patsogolo pawo panatsala bwalo limodzi lowala, lalikulu ngati mbale. Mkati mwake munali bawuti, ndi muvi wobiriwira.

Apa ndi pamene a Ndondomeko amavutika kufotokoza, chifukwa pali manyazi. Sanachite mantha owonjezera. Mutu unawapepuka. Kwa masiku atatu anali atasenza mlamu, mlonda, akazi awo, mayi injiniya, kakhomo ndi mulu wa matayala. Tsopano wina anali atawatula zonsezo. Panatsala bawuti imodzi ndi muvi umodzi. Zinali zokoma ngati madzi ozizira. Anadziuza kuti, aime pomwepo ameneyo, kamera ikumujambula, ine ndigwire ntchito yanga.

Anapotola. Bwalo lowala linasamukira pa bawuti ina. Anapotola. Manja ankadziwa okha. Patapita nthawi imene sanaiwerenge, mawu anatuluka: "Ntchito yotsatira." Pansi panaoneka timapazi tobiriwira, tondondozana. Anatitsata. Anakwera masitepe osawaona, nayenda, natsikanso ena. Pambali pawo china chake chinkayenda nawo limodzi, phazi ndi phazi. Sankachiona. Ankangochidziwa, monga umadziwira kuti m'chipinda chamdima muli munthu.

Bwalo linawala. Nati. Muvi.

Anaika sipanala. Nati inali yolimba kwambiri, yomangidwa ndi munthu wodziwa ntchito. Anakoka ndi manja awiri mpaka inagonja. Sanadzifunse kuti muviwo ukuloza mbali iti. Kufunsa ndi katundu, ndipo katundu yense anali atachotsedwa.

Yachiwiri. Yachitatu.

Ali pa yachinayi, dzanja lokhakhala linawagwira pankhope n'kuzula magalasi.

Kuwala kunawalasa m'maso. Phokoso lonse linabwerera nthawi imodzi: mpopi, mbalame padenga, munthu akupuma mwaphuma. Kunja kunali kutayamba kuyera. Mlonda anali atagwada m'mphepete mwa dzenje, magalasi ali m'manja. Kumbuyo kwake kunaima dalaivala wa basi ya m'mawa, makiyi ali lende pachala.

"Akulu," anatero mlonda ndi mawu otsika. "Mukutani kunsi kwa naini?"

"Ino ndi fotini."

"Fotini ndi iyo apo."

A Ndondomeko anakweza maso. Pamwamba pa mutu wawo panali chitsulo cha chiwongolero. Mizere yoyera itatu inali yothyoka. Wachinayi unali utayamba kupatukana, ndipo sipanala imene inagwira natiyo inali m'dzanja lawo.

"Ndakuitanani kanayi," anapitiriza mlonda. "Ndagogoda ndi ndodo pa bampala. Inu osatembenuka, mukungomwetulira."

"Munali ndi ndani pageti usiku?"

"Ndinali ndi udzudzu."

"Analowa munthu. Anaima pambali panga pano."

Dalaivala anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma uyu ndiye akufunsa mafunso. Ine ndikanakwera basi imeneyi ndi anthu makumi asanu ndi limodzi, bambo. Ndili ndi mwana wa miyezi inayi."

Mlonda anayang'ana kukhomo, nayang'ananso m'dzenje. Ananong'ona.

"Akulu, tamverani. Mwagwira ntchito pano ine ndisanamere imvi. Mangani msanga manatiwo, mupakenso penti. Uyu ndilankhula naye. Tulo timapusitsa aliyense. Sitinaone kanthu."

A Ndondomeko anayang'ana sipanala. Kumanga manati anayi ndi ntchito ya mphindi zisanu. Dzina la zaka makumi awiri ndi zitatu likanatsala loyera. Koma mawa kukanadanso, ndipo iwo akanatsikanso m'dzenje.

"Basi iyi sinyamuka," anatero. "Ina iliyonse imene ndaigwira sabata ino isanyamukenso mpaka wina aione. Imbirani mayi injiniya."

Mayiwo anafika dzuwa lisanatuluke, tsitsi atangolikulunga ndi mpango. Analumikiza magalasi ku kompyuta ya mu ofesi, naonera limodzi ndi a Ndondomeko. Zithunzi zinali zoyera bwino, zopanda chifunga, pakuti chifunga chimaikidwa m'maso mwa wovala yekha. Anaona masitepe opanda munthu. Anaona chigongono chikumenya khoma. Anaona manja a a Ndondomeko akumasula manati a basi nambala 9, mosamala, mwaluso.

"Timapazi tobiriwira," anatero a Ndondomeko. "Ndi muvi. Anandituma ndi magalasiwa."

Mayi injiniya anatsegula ndandanda wa malangizo onse amene magalasi anapereka usikuwo. Malangizo omaliza anali a magiya a basi nambala 14. Za basi nambala 9 munalibe.

Anatsegulanso ndandanda wa zinthu zimene magalasi anabisa. Khomo, limodzi. Matayala, awiri. Nyali, imodzi. Chala cha mayiwo chinaima pa mzere wotsatira. Munthu, mmodzi. Kuyambira 1:12 mpaka 4:35. Kutalika kwake kuchokera kwa wovala: theka la mita.



"Kamera nthawi zina imasokoneza chithunzithunzi ndi munthu," anatero mayiwo. "Ndipo munthu wosagona masiku atatu amatha kugwira ntchito ali m'tulo." Ananena akuyang'ana kompyuta, osati iwo.

"Za alamu anga munaziona?"

"Sitinatsegule ndandanda umenewu. Panalibe amene anapempha."

A Ndondomeko anavula ovolosi, naipinda bwinobwino, naiika patebulo pamodzi ndi makiyi a bokosi la zida. Sanadikire kuuzidwa.

Pofika eyiti koloko nkhani inali itazungulira galaja lonse. Ena ankati ndi magalasi, anapangidwa ndi anthu osadziwa kuti chimene chimateteza munthu ndi diso loyendayenda. Ena ankati ndi mlonda uja, pali chimene amadziwa. Otsuka mabasi, amene amanong'ona kwambiri kuposa onse, ankati dzenje loyambalo linakumbidwa pamalo posayenera. Koma aliyense, a Ndondomeko akamadutsa, ankapeza choti ayang'ane kumbali.

Sanapite kunyumba. Anayenda wapansi mpaka kwa mlamu wawo. Anamupeza pakhonde, akukonza njinga ya mwana wa neba. Mlamuyo anawayang'ana, nayang'ana manja awo opanda chikwama cha zida. Anatulutsa mipando iwiri.

"Alamu," anayamba a Ndondomeko, chipewa chili pabondo. "Ndabwera kudzagwira mwendo. Ndinakunenerani zoipa pamaso pa anthu. Wamisala anaona nkhondo, ife tinkaseka."

"Munthu wa m'dzenje uja wabwera?" anafunsa mlamuyo.

"Wabwera."

"Munamuona nkhope?"

"Ayi. Ndikavala magalasi, chifunga. Ndikavula, palibe."

Mlamuyo anapukuta manja ndi kansanza, chala chimodzi chimodzi.

"Inenso zinkatero. Masiku anayi. Ndiye ndinaganiza kuti, magalasiwa amabisa chimene chikukuvutitsa. Ukachita mantha, amawonjezera chifunga. Nanga utapanda kuchita mantha? Usiku womaliza ndinakhala pansi m'dzenjemo. Ndinatseka maso. Ndinapuma pang'onopang'ono, ndikuwerenga ana anga ndi masiku awo obadwa, mpaka mtima unakhazikika. Nditatsegula maso, manambala a m'mbali anali atabwerera. Khomo linabwerera. Chifunga cha munthuyo chinayamba kupyapyala, kuyambira kumapazi."

"Ndiye?"

"Nsapato za ntchito, zopolishidwa. Ovolosi yosita. Sipanala m'dzanja, yopukutidwa bwino."



"Chinafika kunkhope?"

"Chinafika."

"Munaona ndani, alamu?"

Mlamuyo anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano, ngati munthu wofananiza chithunzi ndi mwini wake. M'nyumba mwana wamng'ono anatulukira pakhomo, akuthamangira kwa amuna a azakhali ake kuti awalonjere monga mwa masiku onse. Bambo ake anatambasula mkono namugwira paphewa.

"Bwerera m'nyumba," anatero. "Ukatseke chitseko."

Kenaka anakoka mpando wake, nausunthira kutali pang'ono.